Cheke Chili pa Tebulo la Bwana

Basi inamutsitsa mdima utagwa kale. Tawuni yachilendo, misewu yofanana yonse. Anafunsa njira, anasocherabe, n'kufika pa hotelo nsapato zili fumbi lokhalokha.

Mu holo msonkhano unali utayamba. Pakhoma panali chinsalu: Amalonda Tidziwane. Pakhomo analipira ndalama imene akanagulira ulusi wa sabata yathunthu.

Sanabwere kudzadziwana ndi anthu. Anabwera kudzaona nkhope imodzi.

Mayiyu ndi telala. Kampani ya alonda inamupatsa ntchito ya mayunifolomu. Anasoka, anapereka. Alonda avala mpaka makolala ayamba kuperepeseka, koma ndalama zii. Poyamba munthu wa ku akaunti ankabweza uthenga: cheke chili pa tebulo la bwana. Kenako uthenga unaleka. Foni inkangolira mpaka kudzidula yokha. Mawu a munthuyo sanawamvepo, nkhope sanaionepo. Tsono mwini nyumba wanena kuti Lachisanu abwera ndi loko, ndipo makina osokera atsalira m'kati mwa shopu.

Mnzake ndiye anamutsina khutu: kampaniyo yathandiza nawo msonkhano, a ku akaunti akakhalako.

Sanavutike kumupeza. Tebulo lakutsogolo, pansi pa chikwangwani cha kampani. Suti yonyezimira, wotchi yolemera, kuseka kwa munthu amene sagona ndi njala. Ndi yemweyo basi. Atamupatsa maikolofoni anayankhula mokoma zedi za kukweza amalonda ang'onoang'ono. Holo yonse inawomba m'manja. Telala anapinda ake.

Zoyankhula zitatha anayamba kudzipanikiza kupita kutsogolo. Aliyense amene anagundana naye ankamupatsa khadi.

"Bizinesi ikuyenda?"

"Ikuyenda bwino kwambiri."

Onse ankayankha choncho. Iyenso ankayankha choncho.

Anafika pafupi mpaka kumva fungo la perefyumu. Mtsikana wa hotelo anamutchinga ndi mkono. "Abwana akuthamangira kwina, mayi. Siyani khadi." Suti ija inatulukira khomo lam'mbali.

Telala anabwerera kumbuyo kwa holo, kumene ankaunjika mbale zakuda. Pamenepo panakhala bambo wina wa imvi za apa ndi apo, jekete pampando, tayi m'thumba, nsapato atavula pansi pa tebulo.

"Khalani, mayi. Kuno n'kwa ife otopa. Mwapeza makasitomala?"

"Ndapeza makadi."

"Amathandiza. Ine ndimatokosera m'mano."

Telala anaseka osafuna. Kuseka kutatha, nkhani inangotuluka yokha. Dzina la kampani sanatchule, poti pa malonda ukatchula kasitomala pagulu, ntchito ina usayembekezerenso. Koma za loko ananena. Za makina ananena. Za atsikana ake osoka, amene asiya kumuyang'ana kumaso.

Bamboyo ankangogwedeza mutu.

"Ifenso atigoneka pamzere," anatero. "Ntchito tinagwira, ndalama sitinazione. Pamwamba sakulipira, pansi akulira. Ine malipiro a mwezi watha ndikungowamva ngati mphekesera."

Foni yake, yoyang'ana pansi, inanjenjemera patebulo. Sanaikhudze.

"Akunyumba?"

"Zakuntchito. Sizigona."

"Ine ndalama ndadikira, bambo, ndingadikirenso. Chimene chikundipweteka n'kusayankha. Kungoti halo, n'kodula?"

Bamboyo anayang'ana masokosi ake. "Mwina akusowa chonena."

"Anene chomwecho. Kuti mayi, ndikusowa chonena. Ndine munthu, ndimva."

"Zoona," anatero motsitsa. Anamukankhira botolo la madzi. "Imwani. Awa okha ndi aulere."

Anakhala choncho mpaka antchito atayamba kupinda mipando. Mu holo yonse ya masuti, munthu mmodzi yekha ndiye anamumvetsera, ndipo anali wosavala nsapato.

Telala anagona m'kachipinda kotchipa kuseri kwa khitchini. Tulo sitinabwere bwino. Ankawerengera zimene angatulutse m'shopu loko asanafike, n'kupeza kuti makina aakulu sangalowe m'takisi.

Kutacha anali pageti, chikwama m'manja. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa za mipando imene kunalibe. Kumbuyo kunamveka phazi lothamanga.

"Mayi! Mayi a makina!"

Anali bambo uja, tayi atamanga mokhota.

"Usiku ndakumbuka. Mlamu wanga ali ndi sukulu, amafuna wosoka. Iyeyo amalipira theka poyamba, ndipo akazengereza ndikamuneneza kwa mlongo wanga. Mwina mwini nyumba angamve zimenezo."

Kwa nthawi yoyamba chifikireni, telala anapuma mpaka pansi pa chifuwa.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Anthu ngati inu atha."

"Musandikweze, ndingagwe. Lembani nambala yanu nokha, maso anga m'mawa sagwira ntchito."

Anamupatsa foni. Kondakitala anamenya chitseko. Phazi limodzi lili kale m'minibasi, telala anayamba kulemba.

Sanamalize. Foni inamalizitsa yokha, dzina n'kutulukira pamwamba m'zilembo zazikulu: OSAYANKHA, MAYI WA MAYUNIFOLOMU. Anaibweza ikuyaka choncho, ndipo minibasi inanyamuka bamboyo akuwerengabe.