Makobili Amene Marvin Anapala

Panali munthu wina ku Ilford, mumzinda wa London, dzina lake Marvin, Mmalawi wogwira ntchito m'kashopu kodula makiyi ndi kukonza nsapato. Amene anandiuza nkhaniyi ankapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo akuti ndi yoona.

Tsiku lina Marvin anawerenga pa foni kuti mu 2007 dziko la America linatulutsa makobili a dola imodzi okumbukira mapulezidenti akale. Mawu onena kuti amakhulupirira Mulungu anawadinda m'mphepete mwa kobili. Koma makina analakwitsa, makobili ena n'kutuluka m'mphepete muli see, mopanda chilembo. Anthu osonkhanitsa ndalama zosowa ankawagula amenewo pamtengo wokwera.

Marvin anaitanitsa makobili abwinobwino motchipa. Bwana wake akapita kukadya masana, iye ankawapala pa makina a makiyi mpaka zilembo zonse zitafufutika, kenako n'kuwapukuta. Ankawagulitsa pa intaneti ngati olakwika aja.

Mkazi wake Effie, yemwe ndi nesi, anapeza makobili awiri m'thumba la thalauza pochapa. Atamva zimene amachita nawo, anamuchenjeza kuti asiye. “Mukufufuta dzina la Mulungu ndi manja anu kuti mudye?” Marvin anaseka, nati azungu ogula zinthu zoterezi ndalama zawachulukira.

Pasanapite nthawi ogula ena anadandaula, ndipo anamutsekera akaunti yake yogulitsira pa intaneti. Anatsala ndi makobili odzaza kachitini. Apa m'pamene anayang'ana kutchalitchi.

Kumeneko kunali Bambo Chisenga, a ku Chipata ku Zambia, ogwira ntchito yokankha odwala pa njinga za pachipatala. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwakhwepa, ndipo ankatsokomola pakati pa nyimbo. Marvin anaziona zonsezi. Anawaonetsa kobili limodzi, n'kuwauza kuti mtengo wake umakwera chaka chilichonse kuposa kubanki.

“Ba Marvin,” anatero mkuluyo, “ine nifuna chinthu chimodzi chabe. Nikafa, akanigoneke ku Chipata pafupi na amai. Aya makobili angakwanitse ndeke?”

Marvin anati angakwanitse, n'kutsalako. Bambo Chisenga anatapa zonse zimene anasunga, nagula kachitini konse.

Chilimwe chisanathe anamwalira. Mkazi wawo, Mayi Winfrida, ananyamula makobili aja kupita nawo kwa wogula ndalama zakale mkati mwa London. Munthuyo anaika kobili limodzi pasikelo, naliyang'ana ndi galasi. Anawauza mofatsa kuti onse ndi opalidwa, ndipo ngakhale mtengo wa dola imodzi sakufikanso.

Anthu a kutchalitchi anasonkha, koma sizinakwane kutumiza thupi kumudzi. Anagwirizana zoika maliro konkuno. Atafunsidwa amene anagulitsa makobiliwo, Mayi Winfrida anangoweramitsa mutu. Marvin mtima unakhala pansi, poganiza kuti malemu anapita nacho chinsinsi.

Kenako mayiwo anamuimbira foni, kumupempha kuti akhale mmodzi mwa onyamula bokosi, kutsogolo, mbali ya kumutu. Sakanatha kukana. Ananyamula. Akuti munthu anali atatha ndi matenda, koma bokosilo linamulemera Marvin ngati muli miyala. Anzake onyamula nawo sanamve chachilendo.

Kuyambira tsikulo phewa lake lamanja silinapole. Kuchipatala anamujambula, osapeza kanthu. Kuntchito, akangoyatsa makina a makiyi, ankamva munthu akutsokomola kuseri kwa shelefu ya nsapato. Akazimitsa, zii. Tsiku lina masana, sitima ya Elizabeth line imene anakwera itaima, anaona papulatifomu mkulu woonda atanyamula sutikesi, akuyang'ana uku ndi uku ngati wosowa njira. Mkuluyo anatembenuka n'kumuyang'ana. Marvin anatsika pa siteshoni yotsatira, ndipo sanakwerenso sitima. Ntchito anasiya.

Effie anamuuza kuti mankhwala ake ndi amodzi okha. Anapita naye ku Wembley kwa Mayi Winfrida. Marvin anagwada pakhomo, n'kuulula zonse, nalonjeza kubweza ndalama zija kuti afukule thupi alitumize kumudzi.

Mayiwo anamumvetsera mpaka anamaliza.

“Ninadziwa kale, ba Marvin. Tsiku lomaliza m'chipatala ananiuza dzina lanu. Anati nikuthokozeni, chifukwa cha inu akagona kwao.” Anamuyang'ana paphewa. “N'chifukwa chake ninakuikani kumutu. Ninafuna mumve kulemera kwake. Musawafukule, avutika mokwana.”

Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndalama Marvin anabweza kudzera kwa abusa, mayiwo n'kuzipereka kwa ana amasiye ku Chipata. Bambo Chisenga adakagonabe m'manda a kum'mawa kwa London. Marvin mungamuone lero ku Ilford, akuyenda wapansi, phewa limodzi lili lotsika.

Phunziro: Musanagule kobili kapena chinthu chilichonse chimene akuti n'chosowa, pitani nacho kwa odziwa akachiyeze, ngakhale wogulitsayo mumaimba naye kwaya. Ndipo inu onyenga anzanu kuno kuchilendo, dziwani kuti ndalama zimabwezedwa, koma pali zina zimene simungabweze. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi m'magulu anu, mwina wina asiya lero.