Liwu Limene Apongozi Anatola

Mayi ena okalamba ataimba foni ya mwana wawo wamkazi, amene anali pa ulendo wa basi, inayankhidwa ndi mwamuna wachilendo wolankhula Chingerezi chokhachokha. Mayiwo anangotolapo liwu limodzi, n'kuthamangira nalo kwa mkamwini wawo, mphunzitsi wokonda kufunsidwa kuposa kudya.

"Bambo, 'overturned' ndiye kuti chiyani?"

"Amayi, mwayamba sukulu kuukalamba kuno?" anaseka mkamwiniyo. "Taonani." Anatembenuza kapu yake chadodolido, tiyi n'kukhuthukira patebulo. "Ndi zimenezo. Mpando, galimoto, ngakhale boma. Zam'kati zonse zimatayika. Koma katchulidwe mukulakwitsa, tabwerezani."

Mayiwo anayang'ana tiyi uja akudonthera pansi.

"Wanditchulira choncho ndi bambo amene wayankha foni ya akazi anu," anatero. "Ndibwerezebe?"