Mapiritsi a Fauziya

"Bwera nawo kuno! Ukuyesa sindikudziwa kuti ndi olera?" anakalipa Abiti Swaibu, akutsomphola mapiritsi m'manja mwa mwana wawo Fauziya.

"Iyayi amayi, ndi owonjezera magazi. Atsikana tonse atipatsa kusukulu."

"Bodza! Akufuna musadzabereke. Ndikawataya kuchimbudzi."

Koma madzulo ake Fauziya anawaona amayi akewo kuseri kwa bafa akumeza piritsi limodzi, maso ali uku ndi uku. Ana asanu ndi awiri anali atawakwana, pomwe bambo a m'nyumbamo nkhani yolera sankafuna n'kuimva komwe. Fauziya anayesa kuwachenjeza amayi akewo, koma iwo anangomuopseza ndi mthiko.

Itapita miyezi, Abiti Swaibu anayamba kulavulalavula. Fauziya anawaperekeza kuchipatala ku Ulongwe.

"Muli ndi pakati, mayi," anatero namwino. "Komatu magazi muli nawo okwanira bwino zedi. Mukudya chiyani?"

"Chisoso basi," anayankha mayiwo atazyolika.

Pobwerera, Fauziya anatsokomola pang'ono.

"Amayi, Loweruka kugulu lathu la achinyamata tikaphunzira za olera enieniwo. Ndikakusungireni malo?"