Galimoto Yofiira ya Suwedi

Dzuwa lisanatenthe, Suwedi anali atayamba kale kukhuthulira madzi pa galimoto yake, kuyambira padenga kutsikira kumatayala, uku akuimba mluzu ngati wamwa kenakake. Pabwalo pomwe ankachita lendi mu Alexandra, ku Joni, mpopi unali umodzi wokha, ndiye amayi a pamenepo anangoima pamzere ndi zigubu zawo, akumukalipira m'Chizulu.

"Hawu, Malawi! Madzi onsewa ndi ako wekha?"

"Pepani amayi, lero lokha! Akazi anga akubwera!"

Ankabweradi. Asiyatu, mkazi amene Suwedi anamusiya ku Ntaja zaka zapitazo, anali m'basi ya ku Joni. Koma asanakwere ananeneratu pafoni mosapsatira: "Amuna a ku Joni ndimakudziwani. Mumajambulitsa mutatsamira galimoto za mabwana anu. Ndikadzapeza kuti yofiira mumanditumizira pa WhatsApp ija ndi ya eni, ndibwerera ndi basi yomweyo, ukwati uthere pomwepo." Ndipo Asiyatu sanali munthu wonena chinthu kawiri.

Apa pokha mayiyo analakwitsa. Galimotoyo inali ya Suwedi, yogula ndi thukuta lake la m'magadeni a ku Sandton. Nchifukwa chake mkuluyu mtima unali m'malo, kumwetulira osaleka, thovu lili mpaka m'ndevu.

Naison, mnzake wa ku Zimbabwe amene agogo ake anali Amalawi a m'mapulazi, anali atakhala pa chitini akuonerera.

"Achimwene, alamu munawauza zonse?"

"Ndinawauza zoona zokhazokha. Iwe nyamuka, ukawachingamire ku Park Station. Ine sindingaonetse mkazi wanga galimoto yafumbi."

Naison anapita kukakwera tekisi akuseka chikhakhali, mpaka kugwira pamimba.

Suwedi analibe nazo ntchito. Anatsukuluza thovu lonse, n'kuumitsa ndi nsalu yofewa kuti madzi asasiye madontho. Kenako anatsegula kachitini ka polishi, n'kumapaka mozungulizazunguliza, pang'onopang'ono, mpaka timizere tonse tapachitseko titazimiririka. Wakisi ndiye anamusungira kumapeto. Anapaka mopyapyala, kudikira kuti ayere mbuu, n'kuyamba kukwecha ndi malaya akale, akugwedeza chiuno molingana ndi dzanja. Matayala anawadetsa ndi polishi wa nsapato. Ntchentche itayesa kutera pa boneti anaithamangitsa mpaka kumpanda, akuitukwana m'Chiyao.

Abale inu, galimoto ija inawala! Ngakhale amayi okalipa aja anaiwala mkwiyo, wina mpaka anabwera kudzakonzera tsitsi lake pachitseko. Suwedi anasamba kumaso, kuvala malaya oyera, n'kutsamira galimoto yake, miyendo atapingasa, kiyi akumuzunguza pachala.

Chakumasana geti linatseguka. Naison analowa atasenza chikwama chachikulu, kumbuyo kwake kuli Asiyatu, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Asiyatu moni anayankha mwachidule. Anazungulira galimoto ija, kuigogoda, kusuzumira pagalasi lakutsogolo chifukwa akumbuyo anali akuda bii. Suwedi ankangomutsatira pambuyo.

"Alamu," Asiyatu anatembenukira kwa Naison, "tandifunsireni amayi awa. Mwini wake wa galimotoyi ndani? Akazi anzanga sangandinamize."

Naison anafunsa m'Chizulu. Amayi aja anayankhira pamodzi, akuombana m'manja ndi kuseka, ndipo Naison anamasulira misozi ya kuseka ili m'maso: "Akuti ndi ya achimwene. Akuti sachokamo."

Ha! Asiyatu anaimba nthungululu yomveka mpaka kumsewu. Mpango unagwa, iye osautola. Anavina pamatope pomwepo, Suwedi naye n'kulowerera, amayi a Chizulu aja akuwaombera m'manja. Ukwati unali utapulumuka, ndipo Suwedi anasangalala mpaka kufuna kulira.

Atatopa kuvina, Asiyatu anadzitsegulira yekha chitseko chakutsogolo, n'kukhala mwaulemu wake wonse, kachikwama kali pamiyendo.

"Ndikhululukireni bambo, ndinkakukayikirani. Anzanga ku Ntaja ankandiseka ndikawauza kuti amuna anga amati amangokhala m'galimoto usana ndi usiku. Lero ndadzionera ndekha. Tiyeni lizani tizipita kunyumba, msana ukundipweteka."

Suwedi anakatsegula chitseko chakumbuyo. Munali matiresi, bulangete lopinda bwino ndi mapoto awiri. Injini galimotoyo inalibe chigulireni.

"Sindinaname mayi, ndimakhala momwemu," anatero akuwerama mwaulemu. "Tafika kale. Takulandirani."