Foni ya Tiyu Casimiro

Panali munthu wina dzina lake Valter, katswiri wa makompyuta, amene bungwe lina linamubweretsa ku Lichinga kuti apange sukulu ya pa foni. Sukuluyo inali ya atsikana amene anasiya kuphunzira chifukwa cha mimba kapena ukwati. Munthu ankamvera maphunziro pa foni n'kumayankha mafunso. Amene akhoza bwino, bungwelo linkatumiza dzina lake ku ofesi ya maphunziro kuti akalembe mayeso omaliza pulaimale mu Novembala.

Asanatsegule sukuluyo, Valter anaitana amayi achitsikana khumi a m'dera la Assumane kuti aione. Mmodzi mwa iwo anali Rukaya, wa zaka 19, mwana ali kumsana. Iye ndiye anafunsa.

"A enjenyeru, apa akuti tilembe dzina la mwini nambala, lofanana ndi la pa chiphaso chimene anagulira khadi la foni. Nanga ife opanda foni?"

"Mubwereke."

"Kubwereka tibwereka. Koma ife tilipo atatu, tonse tikudalira foni ya tiyu Casimiro, aneba athu ogulitsa mbatatesi. Ndiye izidziwa bwanji kuti lero wayankha ndi Rukaya, mawa ndi Mariamo? Bwanji izifunsa dzina nthawi iliyonse munthu akatsegula?"

Valter anaseka. "Mana, mlongo wanga, nambala imodzi, wophunzira mmodzi. Kupanda kutero anthu azibera. Zimenezi tinaziyesa kale ku Maputo."

"Ku Maputo mwina. Kuno foni ndi ya bambo wa m'nyumba."

"Iwe ingophunzira. Za mainazo tidzakonza kumapeto."

Valter sanalembe paliponse, ngakhale pa chikhatho.

Rukaya analibe chaka china chotaya. Mwamuna wake Husseni ndi msodzi ku Meponda, ndipo anamulola kukhala kwa azakhali ake m'tauni chaka chimodzi chokha. Anapangana pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri: akakhoza mayeso apitiriza sekondale, akapanda kukhoza atsikira kunyanja kukayanika usipa, za sukulu n'kuthera pomwepo.

Tiyu Casimiro, amene ankamutchula choncho ngati malume awo, akaweruka kumsika ankasiya foni pakhonde, atatu aja n'kumalandirana. M'chisanu cha Juni anzake awiri anatopa n'kusiya. Rukaya anapitiriza yekha, kuyankha masamu zala zitauma, mwana akuyamwa. Kawiri konse anapita ku ofesi ya bungwelo kukakumbutsa za dzina. Ulendo woyamba anamuuza kuti enjenyeru ali pamsonkhano. Wachiwiri Valter anamuyankha ali chiimire, kiyi ya galimoto m'manja.

"Makinawa amadziwa zonse, mana. Pita kunyumba."

Mu Okutobala bungwe linakonza mwambo wopereka mphoto. Kunabwera alendo ochokera kutali, ndipo pa tebulo panali kapulana yatsopano, chitenje cha mtsikana wopambana. Mndandanda wa olemba mayeso Valter anali atautumiza kale ku ofesi ya maphunziro osauwerenga, poti anaupanga ndi makina ake. Anauwerenga koyamba pomwepo, pamaso pa anthu.

"Mtsikana amene waposa onse ndi... Casimiro Bartolomeu."

Anthu anafa ndi phwete. Tiyu Casimiro, amene anangobwera kudzaperekeza Rukaya, anaimirira dothi la mbatatesi lidakali pa malaya.

"Mtsikanayo ndine? Ndi imvi izi? Bwana, pa foniyi ine ndimangodziwa batani lobiriwira ndi lofiira basi."

Valter anathamangira dzina lachiwiri: Momade. Lachitatu: Jorge. Pa maina 60, maina 47 anali a amuna awo a ophunzirawo, abambo awo ndi amalume awo.

Rukaya sanaseke. Anaimirira.

"Ndinakuuzani tsiku loyamba, mwana uyu asanamere ndi dzino lomwe. Lero akuyenda. Kumapeto munkanena kuja ndi kuno?"

"Mana, khazikani mtima pansi, tiona chochita..."

"Musanditchule mana. Mlongo wanu mukanamumvera."

M'mawa mwake Rukaya ndi tiyu Casimiro anapita ku ofesi ya maphunziro. Mdalayo anaika chiphaso chake pa tebulo.

"Mpando wangawo mpatseni mwanayu. Anautulukira thukuta ndi iyeyu."

A mu ofesimo anawayankha kuti mndandanda unatsekedwa milungu iwiri yapitayo, ndipo m'chipinda cha mayeso mumalowa munthu amene dzina lake linalembedwa. Analangiza Rukaya kuti adzayesenso chaka chamawa.

Bungwe linamuchotsa ntchito Valter. Anakwera ndege n'kubwerera kwawo, ndipo akuti anapeza kale ntchito ina. Tsiku la mayeso mpando wa Casimiro unakhala wopanda munthu. Sabata yomweyo Rukaya anakwera chapa, minibasi ya ku Meponda, mwana atamubereka ndi kapulana ya mphoto ija, imene tiyu Casimiro anamupatsa. Husseni sanamukalipire. Anangomulandira chikwama n'kunena kuti, "Chaka chija chatha."

Mpaka lero foni ya tiyu Casimiro imalira madzulo alionse, chifukwa palibe amene anakumbukira kuzimitsa uthengawo: "Casimiro, lero sunaphunzire."

Phunziro: Inu amene mumatipangira zinthu za pa foni, musanayambe bwerani muone kuti foniyo imakhala m'thumba la ndani. Mayi wosiya sukulu akakuchenjezani, lembani, chifukwa mukalakwitsa inu mumangosintha ntchito, koma iye amataya chaka chimene anachita kupempha. Nanunso amayi anzanga, musavomere mawu oti "tidzakonza kumapeto". Musachoke mpaka mutaona dzina lanu ndi maso anu. Tumizani nkhaniyi kwa aphunzitsi, kwa a mabungwe ndi kwa aliyense amene mwana wake akuphunzira pa foni yobwereka.