Waya wa Buluu mu Ofesi ya Apongozi

Mkamwini anapunthwanso pa waya wa buluu uja polowa mu ofesi ya apongozi ake, koma lero sanaseke. Mlembi anali atamunong'oneza kuti, "Abwana akukufunani, akuti mukalowa mutseke chitseko."

Wayawo unali wa intaneti, ndipo unkachokera pakhoma n'kudutsa pakati pa ofesi mpaka pa laputopu yakale ya madalawo. Antchito ankaseka kumbali. Bwana wa kampani yopanga tizipangizo tolumikizira intaneti popanda waya, koma iyeyo ali pachingwe ngati mbuzi. Munthu akawafunsa, ankangoti ndi ukalamba.

Kampaniyo inali pamoto. Tizipangizo take tinkagwira ntchito pa makompyuta oyendera pulogalamu yogula basi. Ukakabaya kachipangizoko pa kompyuta yoyendera pulogalamu yotseguka, ija aliyense amaloledwa kuiona m'kati ndi kuikonza, kankangoti zii. Ndiye pa intaneti panabuka munthu wobisa nkhope wodzitcha Udzudzu, ndipo dzinalo linamukhaladi. Tsiku ndi tsiku ankalira m'khutu mwa kampani kuti iulule mmene kachipangizoko kamalankhulirana ndi kompyuta, zotsalazo anthu alemba okha. Masukulu anayamba kubweza katundu. Eni kampani, omwe ankakhala kutali, anakana kwamtuwagalu. Mapulani a kachipangizoko anawatsekera kwa mainjiniya okha, moti ngakhale bwanayo sankaloledwa kuwaona. Bwanayo anangopatsidwa lamulo limodzi: wantchito wopezeka akulankhula ndi Udzudzu achotsedwe, kenako kukhoti.

Mkamwini anali mmodzi wa mainjiniyawo. Mlongo wake ankaphunzitsa pasukulu ina pomwe makompyuta onse ankayendera pulogalamu yotseguka, ndipo ana ankangoyang'ana tizipangizo tosayaka. Mlongoyo sankamupatsa mtendere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzulo pa nthawi ya nkhomaliro anatumiza mapulaniwo kwa Udzudzu mothamanga ngati wakuba nkhuku.

Tsopano anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pansi. Chikwatirire mwana wawo sanawayang'anepo kumaso madalawo, ndipo kuzungulira kuseri kwa desiki lawo sakanayerekeza n'komwe. Ankawadziwira nsapato ndi mawu.

Apongoziwo anali pa laputopu yawo. Ankangotayipa ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono. Mkamwini anaganizira mkazi wake, amene anali woyembekezera. Akamuuza chiyani? Kuti ntchito yatha, ndipo womutengera kukhoti ndi bambo ake omubala?

Mpando unalira. Nsapato zinapita pawindo, katani inatsekedwa.

"Akamwini, foni muli nayo?"

"Eya, bambo."

"Izimitseni."

Anaizimitsa.

"Zimene munachita dzulo masana, alipo amene mwamuuza?"

Basi, zadziwika. Anaganiza zokana, koma zinamukanika. Anangopezeka wagwada pakapeti, bondo lili pa waya uja.

"Palibe, bambo. Mwana wanu sakudziwapo kanthu. Ndalakwa ndine. Chonde, kupolisi kokha ayi, mudikire kaye abereke."



"Dzukani. Bwerani mbali ino."

Mkamwini anadzuka. Anazungulira desiki lija koyamba m'moyo wake, akuyembekezera kuona umboni womumangitsa. Mapulani ake analidi pomwepo pagalasi la laputopu, tsamba ndi tsamba. Koma laputopuyo inkayendera pulogalamu yotseguka, ndipo m'mbali mwake munabayidwa kachipangizo ka kampani, kosayaka. Pansi pa mapulaniwo panali uthenga wa lero wa Udzudzu, womwe apongoziwo anali atangoulemba theka.

"Pothamanga paja munasiya tsamba lomaliza, akamwini," anatero apongozi, zala ziwiri zija zikubwerera pa mabatani. "Munditumizire musanaweruke. Wayawu wanditopetsa."