Filiji ya Pulofesa Anoma

Magdalena atatsegula filiji ija anaima kaye. Munalibe nyama, munalibe mkaka. Munali timabotolo tokhatokha, tondandalikidwa bwino ngati timakapu ta Mgonero. Anatsegula kamodzi, nanunkhiza. Unali mkodzo wa munthu.

Zaka makumi awiri anagwira ntchito m'nyumba imeneyi, m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, koma chipinda chakumbuyochi sanaloweko. Kiyi wake ankagona m'khosi mwa Pulofesa Anoma. Mayiyu anachokera ku Sri Lanka mu 1994 potsatira mwamuna wake, makaniko wa m'fakitale ya tiyi. Mwamunayo atamwalira sanabwerere kwawo. Ankaphunzitsa uinjiniya wa makemikolo pakoleji ina ku Blantyre, uku akulera yekha mwana wake Salome, amene tsopano anali kusukulu kunja.

Dzana pamaliro a Pulofesayo anthu anamuyamikira mpaka kuuma kukhosi. Ati mayi wophunzira, ati mlendo amene anasanduka mbale. Magdalena analira mpaka mawu kusasa. Lero misoziyo inkamuchititsa manyazi.

Botolo lililonse linali ndi dzina ndi tsiku. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Mabvuto Namakhwa, amene anamuika m'manda chaka chatha. Sitefano Likaka, amene manja ake amanjenjemera osatha kugwira ngakhale supuni. Onse anali amuna opopera mankhwala m'minda ya tiyi. Pamzere wachitatu anapeza dzina la mwamuna wake, Bizwick, osati kamodzi koma kasanu ndi kawiri.

Bizwick anali chigonere pamphasa mwezi wachinayi tsopano, miyendo yotupa, khungu likusupuka. Kuchipatala ankangompatsa panado. Ndipo masiku ena Lachisanu, asanadwale, ankabwera kukhomo lakumbuyo kwa nyumba ino ndi anzake, n'kutuluka maso ali pansi. Akamufunsa ankati ndi za ntchito, asazitsate.

Zonse zinayamba kulumikizana. Magetsi akathima, mayi uja ankalola nyama kuola kukhitchini, koma jenereta ankailizira chipinda chino chokha. Munthu wanji amasamala mkodzo wa amuna a eni kuposa ndiwo za mwana wake? Magdalena anali wa Sabata weniweni, za ufiti sankazikamba. Koma izi anaziona ndi maso ake, ndipo zinamunyansa. Manja omwewo ankamugawira mpunga pa Khirisimasi!

A Douglas, manijala wa esiteti, anali atamuchenjeza. Bambo amene sanakwezepo wantchito pagalimoto yake, m'mawa umenewu anamutenga yekha kunyumba, nampatsa sopo, ndowa ndi machesi. Loko wa chipindacho anathyola okha.

"Mayi, zimene mupeze umo mwana asadzazione," anatero motsitsa mawu. "Tisunge ulemu wa malemu. Mwinanso bambo akunyumba angapeze bwino."

Tsopano anali m'galimoto panja pa geti, akuwerenga nyuzi.

Magdalena anamanga chitenje kukamwa n'kuyamba ntchito. Anayenda maulendo asanu ndi anayi kupita kuchimbudzi chokumba cha kuseri, akukhuthula botolo limodzilimodzi, akulavula. Mabotolo a Bizwick anawakhuthula pomaliza, akupemphera kuti chilichonse chimene chinamangidwa chimasuke. Pamwamba pa filiji panali makope atatu odzaza manambala ndi zizindikiro zosamveka, maina omwe aja ali m'mbali. Anawathira parafini, nawayatsa. Mabotolo anawatsuka ndi sopo kawiri, manja ake katatu.

Utsi usanathe, takisi inaima pakhomo. Anatsika Salome, maso ofiira, ndege itamuchedwetsa mpaka kuphonya maliro a mayi ake. Anamukumbatira Magdalena nthawi yaitali. Mwana ameneyu Magdalena anamubereka kumsana, ndipo mumtima anathokoza kuti wamupulumutsa ku manyazi.

"Anti Magi, filiji ya amayi ikuyakabe eti?" anafunsa Salome akupukuta misozi. "Anandiimbira ali m'chipatala, akuti zivute zitani isazime."

Panja pa geti galimoto ya a Douglas inalira, n'kunyamuka.

"Lolemba a loya abwera kudzatenga mabotolo ndi makope," anapitiriza Salome. "Mankhwala amene ankapopera a Bizwick ndi anzawo aja esiteti inawakwirira, ikukana kuti sinawagwiritsepo ntchito. Umboni wokhawo woti analowa m'matupi mwawo uli mufilijimo, ndipo adokotala akuudikira kuti adziwe chowapatsa."